Zimene Amanena Mayi wa m'Galimoto

Lolemba

Masauso waimba foni m'mawa. Akubwera Loweruka ndi mkazi wake, ndipo Lamulungu tikatuluka ku Misa atenga galimoto kupita nayo ku Ndola. Sindikutsutsa. Adokotala ananena kale za ng'ala ya m'diso langa la kumanzere, ndipo mzati wa geti nawo unanena zake mwezi watha. Koma pomaliza akuti, "Wailesi ya Chijapani ija ndikaichotsa, Atate, ndikaikamo yomveka."

Ndayankha kuti chabwino. Ndakhala pampando mpaka tiyi wazizira.

M'wailesi imeneyo muli mayi. Ukangopotokola kiyi amalankhula mawu ake a Chijapani, mwaulemu, ngati nesi wa mtima wabwino, ndipo pagalasi pamatuluka mzere wa zilembo. Zaka naini, mawu omwewo. Tsiku loyamba, titangoigula ndi ndalama zanga zopumira ntchito ku mgodi, amake Masauso anamumva nadzidzimuka. "Mwagula galimoto pamodzi ndi mkazi?" Sabata yonse anakhala mpando wa kumbuyo, akuti kutsogolo ndi kwa mkazi wamng'ono. Pambuyo pake anagwirizana. Ankamupatsa moni m'mawa uliwonse. Ankati tsiku lina adzaphunzira chilankhulocho kuti amve zimene mnzawoyo amandiuza iwo ali pomwepo. Anachita kupempha kompyuta yakale ya Masauso chifukwa cha zimenezo. Yakwana miyezi khumi kuchokera pamene tinawaika, ndipo kompyutayo ili m'chikwama pansi pa bedi.

Ndiye ndiphunzira ine. Mayiyu asachoke pakhomo pano ndisanamve zimene wakhala akutiuza. Ndili ndi masiku sikisi.

Dongosolo:
1. Kukopera zilembo za pagalasi.
2. Kukonza kompyuta kuti izilemba Chijapani.
3. Kulembamo zilembozo kuti indimasulire.
4. Basi.

Ku mgodi tinkasintha pampu yonse pa shifiti imodzi. Iyi si ntchito.

Nthawi ili 14 hours. Ndi ntchito! Zilembo zimakhala pagalasi nthawi yongopuma kawiri, kenako zimathawa. Kuti zibwerere, uzimitse, uyatsenso. Ndayatsa ka 31. Ndakopera zilembo zinayi ndi theka. China chili ngati geti, china ngati munthu amene wagwa panjinga.

Bashi Chanda, mnansi wanga amene tinali naye shifiti imodzi, asuzumira pampanda. "Ba neba, motoka yadwala?" Ndati ndikuphunzira Chijapani. Akuti, "Pa msinkhu wanuwu?"

Pa msinkhu wangawu.

Lachiwiri

Galimoto yakana kulira. Batire latha. Mayi uja ali chete.

Ine, fitala wa zaka 28 pansi pa nthaka, ndapha batire ndi dzanja langa! Amake Masauso akanaseka mpaka kukhala pansi.

Talinyamula pa wilibala ndi Bashi Chanda kukalisiya kwa wotchaja ku msika wa Buchi. Akuti Lachinayi, magetsi akalola. Panjira Bashi Chanda aulula kuti Chijapani amachidziwa, anachiphunzira m'mafilimu a karate ku holo ya mgodi tili anyamata. Andiphunzitsa mawu atatu. Awiri mwa iwo ndi kukuwa chabe.

Masana. Ndatulutsa kompyuta. M'chikwama mulinso pepala la nyimbo za kwaya ndi switi imodzi yomatirira. Ndaisiya momwemo.

Ndayatsa. Ikufuna mawu achinsinsi. Ndayesa:
Masauso. Yakana.
Dzina la mdzukulu. Yakana.
Dzina la mudzi wawo ku Katete. Yakana.
Dzina lawo la ubatizo. Yakana.
Dzina langa. Yakana msanga kuposa onse.

Ndafulula tiyi wina. Ndabwerera. Popanda kuganiza kwenikweni ndalemba nambala yanga ya ku mgodi.

Yatseguka.

Akazi onse a mu komboni ankadziwa nambala za amuna awo pamtima. Ndi imene ankakatengera ufa, ndi yomweyonso ankaitchera khutu pageti la shafuti belu likalira nthawi yolakwika. Ine ndinasiya ntchito, nambalayo ndinaiika pambali. Sindinkadziwa kuti iwo anali nayobe.

Pagalasi pali chithunzi: ife awiri pambali pa galimoto, iwo atagwira chitseko cha kutsogolo ngati munthu amene wawina mlandu.

Lero sindipitiriza. Ndatseka.

Lachitatu

Ndapita kwa bambo wa shopu yosindikiza mapepala, yemwe uja anatisindikizira dongosolo la maliro. Akuti ndibweretse kompyuta andichitire. Ayi. Fitala sapereka sipanala yake kwa munthu wina, ndipo kompyutayi sindifuna ikhudzidwe ndi manja ambiri. Ndiye wandilembera masitepe eyiti papepala, wandisindikiziranso tchati cha zilembo za Chijapani. Akuti, "N'zophweka, mdala. Simungasokoneze."

11 hours. Magalasi kumaso, pepala kumanzere, pensulo kukhutu.

Sitepe 1 mpaka 5, bwinobwino. Chijapani ndachipeza pamndandanda wa zilankhulo, pansi patali. Ndamva kukoma ngati tsiku limene ndinalandira setifiketi ya ntchito.

Sitepe 6. Kompyuta yafunsa funso, pali timabokosi tiwiri. Pepala silikunena za timabokosi. Ku mgodi, ukapeza mabawuti awiri umamanga onse, susiya lina lili lendelende. Ndachonga tonse tiwiri.

Yazima yokha. Yayaka yokha.

Zonse zasanduka Chijapani! Zonse. Mawu a pamwamba, mawu a pansi, ngakhale tsiku la pakona. Sitepe 7 ikuti ndidine mawu ena a Chingerezi, koma mawuwo kulibenso. Njira yobwerera ilipo ndithu, koma nayonso yalembedwa m'Chijapani.

Tsopano pakhomo pano a ku Japan ndi awiri, wina m'galimoto wina patebulo, ndipo palibe akundiuza kanthu.

Komabe ikulemba. Ndikadina mabatani awiri pamatuluka kachilembo kamodzi kopindika, kokhala ndi mzere pansi. Ndikadina batani lalitali kamasintha n'kukhala kena. Ndikadinanso, kenanso. Sikaima pa mawu amodzi, ngati mboni yogulidwa. Chilembo changa cha geti sichikutuluka, cha munthu wa panjinga sichikutuluka.

Bashi Chanda abwera kudzaona. Aima kumbuyo kwanga, manja kumsana, monga ankaimira akapitawo. Chigamulo chawo: "Mabatani awa ndi a Chingerezi. Mukuthira dizilo mu motoka ya petulo."

Ndaganizira madzulo onse. Zikumveka.

Lachinayi

06 hours. Lero ndigwira monga tinkagwirira pansi. Pemphero kaye, kenako zida patebulo:
sikuludiraiva yaing'ono
tepi ya pepala
bolopeni yakuda
thireyi ya tiyi, ija ya maluwa ya pa ukwati wathu

Ndikuchotsa mabatani limodzilimodzi n'kuwayala pathireyi m'mizere yawo, monga anakhalira pa kompyuta. Lililonse ndikulimata tepi n'kulembapo chilembo cha pa tchati. Lamulo la mzungu wathu woyamba ku wekishopu: chotsa mwa dongosolo, yala mwa dongosolo, munthu asakhudze. Sindinatayepo ngakhale wochala imodzi pa moyo wanga wonse wa ntchito.

Pansi pa mabatani muli nyenyeswa za buledi ndi tsitsi limodzi loyera. Si langa, ine ndilibe. Ndapuma pang'ono.

Pofika 12 hours mabatani onse ali pathireyi, aukhondo ngati ana a Ukaristia woyamba. Manja anga akadali manja.

13 hours. Ndanyamuka ndi wilibala kukatenga batire.

Ndaiwala kuti lero ndi Lachinayi! Chiyambire maliro, amayi a mphakati wathu amabwera Lachinayi kudzasesa ndi kupemphera, ndipo kiyi wina wa nyumba amakhala kwa Amayi Zulu, mtsogoleri wawo.

15 hours. Ndafika, nyumba ikununkhira polishi. Amayi sikisi pamphasa. Thireyi ili pakati, pali makapu a tiyi.

Ndafunsa mofatsa kuti tinthu tija tinali pathireyi tili kuti. Amayi Zulu akuti, "Tatsuka, bambo. Tinali ndi litsiro la zaka, ndiponso wina anatimata timapepala." Tili mu sefa, padenga la khola la nkhuku, tikuuma.

Ndawerenga. Akusowa atatu. Limodzi akuti mwina linapita ndi madzi. Awiriwo Amayi Zulu akukayikira tambala.

Ndathokoza. Ungatani? Awa ndi anthu amene anagona pansi masiku atatu m'nyumba muno, kuphika, kuimba, kutunga madzi. Ndathokoza kawiri, ndipo ndatsogolera pemphero.

Aimba nyimbo imene amake Masauso ankaikonda. Pamalo paja iwo ankakweza mawu okha, onse angodutsapo mofulumira, maso pansi.

Pageti Amayi Zulu atsalira m'mbuyo. "Mwamuna akayamba kumasula katundu wa m'nyumba, ndiye kuti akusowa womuletsa. Ndili ndi msuweni wanga ku Chimwemwe, wamasiye, wosalongolola."

Ndathokoza kachitatu.

Lachisanu

Kubwezera mabatani. Sindinajambule mmene anakhalira, chifukwa thireyi ndiyo inali chojambula changa.

Ndikukumbukira kuti Q anali pakona ya kumwamba. Chifukwa chiyani Q? Anachita chiyani kuti akhale patsogolo pa anzake? Zina zonse zandithawa. Ndiye ndawaika monga tinaphunzirira kusukulu ya mishoni: A, B, C, D, mpaka kumapeto. Kunena zoona zikuoneka bwino kuposa kale. Pali mipata itatu, ngati m'kamwa mwa Bashi Chanda.

Ndadina A. Patuluka china. Ndadina B. Patuluka chinanso, ndipo kompyuta yalira ngati mwanapiye.

10 hours. Magetsi apita. Patapita mphindi twente, kompyuta nayo yawatsatira.

Ndakhala pakhonde kuyerekeza pepala langa la Lolemba ndi tchati. Pa zilembo zinayi ndi theka, chimodzi chokha ndicho chili pa tchati. Ndabwerera ku shopu wapansi. Bambo uja wayang'ana pepala, walitembenuza, waliyang'ananso. "Izi ndi za mtundu wina, mdala. Iwo ali ndi mitundu itatu ya zilembo, ndipo wachitatuwo zilipo masauzande."

Masauzande! Ndatsala ndi tsiku limodzi ndi theka.

Wafunsa mmene kompyuta ikuyendera. Ndati ili bwino. Bodza limeneli ndikaulula kwa wansembe Loweruka lotsatira.

Bashi Chanda akuti palibe chifukwa cha kompyuta, zilembo za anthu amenewa ndi zithunzi, munthu umangoyang'ana. Atenga pepala langa, aliika patali ndi maso. "Ili ndi geti. Uyu ndi munthu wagwa. Akuti tsekani geti, kunja kuli akuba." Ndafunsa za theka lija. Akuti ameneyo ndi wakuba wachiwiri, wabisala.

16 hours. Ndabwezera batire m'galimoto. Kuyatsa kamodzi kokha, ndalumbira.

Walankhula. Mawu omwewo, osakwiya kuti ndinamusiya mumdima masiku atatu. Pensulo inali m'dzanja koma sindinakopere kanthu.

Mawu akatha pagalasi pamabwera mapu. Mapu ake ndi a kwawo, sadziwa Kitwe wathu uno. Zaka zonsezi kamuvi kosonyeza galimoto yathu kamakhala pakati pa nyanja yaikulu, buluu mbali zonse. Tikamapita ku Ndola kukaona mdzukulu, fumbi lili koboo, malole a kopa akutipitirira, amake Masauso ankaloza pagalasi n'kumati, "Yendetsani bwino, bambo, tingamire." Nyanja ya mchere sanaionepo. Ankati palibe chifukwa, amaiwoloka mwezi uliwonse ndi dengu la mbatata pamiyendo.

Lero ndakhala pakati pa nyanjayo mpaka dzuwa lapendeka. Mpando wa kumanzere ukadali wokankhidwira kutsogolo, pa muyezo wa miyendo yawo.

Loweruka

Afika 11 hours pa minibasi, Masauso ndi mpongozi wanga, Bana Mwila. Mwana amusiya ku Mushili kwa ambuye ake.

Kompyuta ndinaiphimba ndi nsalu ya patebulo. Masauso wavundukula asanakhale n'komwe pansi. Wayang'ana nthawi yaitali. "Atate, A akutani pamwamba apa?" Kenako wayatsa, waona Chijapani. "Atate!"

Ndafotokoza zonse, kuyambira Lolemba. Sindinazolowere kufotokozera mwana wanga zinthu zotere, ndiye ndalankhula ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma. Nditatchula amayi ake wasiya kuseka.

Bana Mwila anali atagwada pakhomo la kukhitchini. Ndi mwana wa Chibemba wolangidwa bwino. Zaka seveni za ukwati wawo, sanandiyang'anepo m'maso, ndipo zimene talankhulana sizipitirira moni ndi madzi osamba. Lero walankhula, akuyang'ana pansi: "Batata, foni imawerenga. Mungoilozetsa pa zilembo, imamasulira."

Nthawi yomweyo? Akuti nthawi yomweyo, mukwai, mawu aulemu a kwawo.

Masiku asanu. Batire limodzi. Mabatani atatu. Tambala amene mpaka lero akuyenda mokayikitsa.

Tapita kugalimoto. Foni ya Masauso ndi yosweka galasi, ndiye ntchito ndi ya Bana Mwila. Koma mpongozi sangakhale mpando umodzi ndi apongozi ake, phewa ndi phewa. Takambirana. Ine ndakhala pa chiwongolero. Iye waima kunja mbali inayo, walowetsa mkono wokha pawindo, foni kuloza pagalasi, nkhope kuyang'ana ku khola la nkhuku. Masauso akumuwongolera: "Kumanzere. Pansi pang'ono. Apo!" Bashi Chanda pampanda, osaitanidwa.

Ndapotokola kiyi. Mayi walankhula. Zilembo zabwera, zapita.

Bana Mwila watulutsa mkono, wayang'ana foni. Ndamva kaphokoso kotulukira m'mphuno. Watseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Kenako, kwa nthawi yoyamba chikwatiwire m'banja lino, wandiyang'ana kumaso. Kamphindi chabe. Mapewa aleka.

Masauso watambasula dzanja kuti aone. Iye wailowetsa foni m'chitenje. Wazungulira galimoto, wagwada pafumbi pafupi ndi chitseko changa.

"Batata, akuti muyende bwino, ndipo mufike bwino kumene mukupita."

Bashi Chanda: "Nanga geti?"

Ndazimitsa galimoto.

Maso anga ndi ofooka koma makutu ali bwino. Munthu saseka mawu akuti muyende bwino. Ndiponso madzulo, ndikudutsa kuseri kwa khitchini, ndamva Masauso akunong'ona mawu amodzi, akuti "khadi", ndipo mkazi wake wamudula: "Ikaleni tondolo!" Ndiko kuti khalani chete. Kaya ndi khadi lanji limene mayi wa m'galimoto wakhala akunena zaka zonsezi, koma si za kuyenda bwino. Ndatsokomola kuti adziwe kuti ndikudutsa.

Foni ili pawindo, ikutchajidwa. Ndikanatha kumutuma Masauso kuti andiwerengere. Ndi mwana wanga, sangandikanize kawiri.

Sindinamutume. Mwana wa eni wagwada pafumbi ndi chitenje chake chatsopano kuti andinamize. Pa zinthu zimene ndalandira chichitikire maliro, chimenechi ndi chachikulu.

Ndamuuza Masauso aphe tambala uja, mkazi wake adye chiwindi. Mabatani sitinawapezemo.

Lamulungu

Misa ya 07 hours. Ndayendetsa ndine, komaliza, pang'onopang'ono. Masauso wagwira chitseko njira yonse.

Titabwera ndatulutsa za m'kabokosi ka kutsogolo: korona, duku la buluu, mapini a tsitsi, kandulo ya Pasaka yothyoka pakati, ndi supuni. Supuni imeneyi tinaifuna zaka ziwiri, mpaka tinaganizira mlendo wina amene sindimutchula. Mulungu andikhululukire.

Masauso wafunsa ngati wailesi akaichotsa andibweretsere. Ndati ayi. Popanda galimoto silankhula, ingokhala bokosi lina pa kabati. Ndati angoichotsa bwino, asadule mawaya ndi mpeni, amasule. Walonjeza.

Kompyuta wayesa kuibwezera ku Chingerezi, walephera, chifukwa mabatani sakugwirizana ndi zimene amalemba. Akuti adzaitenga ulendo wina. Pakali pano ikulemba Chijapani bwinobwino. Ndiye sitepe 2 ya dongosolo langa yatheka. Ndachongapo.

14 hours. Bana Mwila wagwada kutsanzika, maso pansi monga kale, ngati dzulo kunalibe. Ndamupatsa duku lija. Masauso waliza galimoto, mayi walankhula mawindo ali otseka, ndangomva pang'ono. Atuluka osakhudza mzati.

Ndasesa pamene inkaima. Malo ndi aakulu kuposa mmene ndinkaganizira. Bashi Chanda akuti ndibzalepo repu.

Mawa ndili ndi ulendo wa ku chipatala kukaonetsa diso. Ndikwera minibasi. Kondakitala amalankhula Chibemba, ndipo ameneyo ndimamva zonse zimene amanena. Palibe chabwino ngakhale chimodzi.